Kope lodzaza ndi machongi, koma mayeso akulephera

Mayi wina wa ku Dedza walemba kuti: "Mwana wanga ali Fomu 3. Ntchito yokalembera kunyumba amaimaliza msanga ndipo kope lake ladzaza ndi machongi. Koma mayeso a teremu akafika, masamu ndi Physics zimamukanika. Kodi ndimulipirire makalasi apadera?"

Mayi, ndalamayo yambani mwaisunga. Poyamba fufuzani komwe machongiwo akuchokera. Masiku ano funso likangoperekedwa m'kalasi, pofika madzulo yankho lake limakhala litazungulira kale pa gulu la WhatsApp. Ena amangojambula funsolo ndi foni n'kulandira yankho pompopompo. Mwana amakopera bwinobwino, mphunzitsi n'kuchonga, onse n'kukhutira. Koma m'chipinda cha mayeso a MANEB foni saloledwa, ndipo mnzake wanzeru uja amakhala pa desiki ina.

Kuti mudziwe zoona zake simukusowa kudziwa masamu. Tsegulani kope lake, sankhani funso limene analikhoza sabata yatha, mulilembe papepala lina. Kopelo ndi foni zikhale m'manja mwanu, iye alembenso inu mukuona. Akamaliza mumufunse kuti, "Tandifotokozera, apa wachokera pati kuti ufike apa?" Mwana womvetsa amafotokoza ngakhale modzandira. Wokopera amangoti, "Ndi mmene zimakhalira." Mukapeza kuti amakopera musamukalipire, chifukwa ambiri amatero poopa kuchita manyazi pamaso pa anzawo. Muuzeni kuti kwa inu mafunso asanu olimbana nawo yekha, ngakhale atatu alakwe, ndi amtengo kuposa makumi awiri okopera. Makalasi apadera amathandiza mwana amene akudziwa pamene pakumuvuta. Pitani kaye mukaonane ndi mphunzitsi wake, kope lili m'manja.

Kalata ina yachokera kwa mnyamata wa Fomu 4 pa sukulu ina ya CDSS ku Mchinji. Akuti akufuna kudzaphunzira za akaunti ku yunivesite ya MUBAS ku Blantyre, choncho akuyeserera mafunso a Business Studies okhaokha. Masamu amawaopa, ndipo mutu wa statistics akuti saona ntchito yake.

Iwe mwanawe, njira watengayi ikutaya. Posankhira ana ku mayunivesite aboma kudzera ku bungwe loona za maphunziro apamwamba la NCHE, pamafunika ma credit asanu ndi limodzi pa MSCE kuphatikizapo Chingerezi, ndiye kuti giredi yoyambira 1 mpaka 6. Maphunziro a akaunti amafunanso credit ya masamu. Komanso mafunso a bizinesi amene ukuwakondawo ndi masamu omwewo. Tenga cholembera, uyese ili usanawerenge yankho.

Mayi wapikula tomato wa K20,000, walipira K2,000 yonyamulira kupita kumsika, ndipo wagulitsa yense pa K27,500. Phindu lake ndi maperesenti angati?

Ndalama zonse zimene walowetsa ndi K22,000. Phindu ndi K5,500. Ukagawa 5,500 ndi 22,000 n'kuchulukitsa ndi 100 upeza 25 peresenti. Ngati wapeza 37.5, waiwala ndalama yonyamulira. Ngati wapeza 20, wagawa ndi mtengo wogulitsira m'malo mwa ndalama zolowetsa. Taona kuti yankho lolakwa likukuuza pamene wapunthwa. N'chifukwa chake ndimalimbikitsa ana kuti asamafufute zimene alakwitsa. Dula mzere umodzi, ulembe pambali chimene chinakusokoneza, pakatha masiku atatu ulibwerezenso.

Lachiwiri ndi la ngongole. Munthu wakongola K50,000 pa chiwongoladzanja cha 20 peresenti pamwezi, kwa miyezi itatu. Chiwongoladzanjacho chikamawerengedwa pa ndalama yoyambayo basi, mwezi uliwonse ndi K10,000, ndipo adzabweza K80,000. Koma chikamaberekerana, mwezi woyamba ngongole ifika K60,000, wachiwiri K72,000, wachitatu K86,400. Kusiyana kwa K6,400 kumeneku n'kumene kumayambanitsa anthu ku banki mkhonde. Amene akufuna kudzasunga mabuku a ndalama za kampani ayenera kuziwerenga izi ngakhale atamudzutsa pakati pa usiku.

Tsopano statistics imene ukuti ilibe ntchitoyo. Mabanja asanu akolola matumba a chimanga motere: 8, 9, 10, 11 ndi 62. Avereji yake, imene m'buku mwako akuitcha mean, ndi 100 kugawa ndi 5, yomwe ndi matumba 20. Koma pa mabanja asanuwo, anayi sanafike n'komwe pa matumba 12. Munthu wobwera ndi thandizo la chakudya akangomva kuti avereji ndi 20, adutsa mudziwo poganiza kuti muli mwanaalirenji. Median, nambala yapakati ukazindandalika kuyambira yaing'ono, ndi 10, ndipo ndi imene ikunena zoona za mudziwo. Funso lotere likamafunsa kuti pakati pa mean ndi median ndi uti akuyenera kugwiritsidwa ntchito, likuyesa ngati waona kuti 62 uja wakoka avereji. Ntchito imeneyi anthu amalembedwa nayo. Ofesi ya National Statistical Office ku Zomba, imene inachititsa kalembera wa 2018 n'kupeza kuti m'Malawi munali anthu oposa 17.5 miliyoni, imadalira anthu odziwa zimenezi. Mabanki, makampani a inshuwalansi ndi zipatala nazonso chimodzimodzi.

Ku sayansi, malikisi ambiri amatayikira pa mayunitsi. Minibasi ikuthamanga makilomita 72 pa ola, ndipo funso likufuna liwirolo m'mamita pa sekondi. Makilomita 72 ndi mamita 72,000, ola limodzi ndi masekondi 3,600, ndiye yankho ndi mamita 20 pa sekondi. Mwana amene walowetsa 72 mu fomula osasintha amalakwitsa zonse zotsatira, chonsecho fomulayo anailoweza bwino.

Kwa nonse awiri, mnyamata wa ku Mchinji ndi mwana wa mayi aja: polemba onetsani njira yonse, mzere ndi mzere. Ochonga mayeso a masamu amapereka malikisi pa njira, moti ngakhale nambala yomaliza iphonyeke mumatolako kena kake. Yankho lolembedwa lokhalokha likalakwa, palibe chotola.

Mapepala a mayeso a zaka zam'mbuyo afunseni kwa aphunzitsi kapena ku laibulale ya sukulu. Mukawapeza musamalembe mutu umodzi tsiku lonse. Sakanizani funso la maperesenti, lina la liwiro, lina la median, chifukwa pa mayeso palibe amene adzakunong'onezeni kuti funso ili lachokera mutu wakuti. Loweruka lililonse lembani pepala lathunthu, wotchi ili patsogolo, buku lili lotseka. Kumene kulibe magetsi chitani zimenezi m'mawa kukangocha. Inu mayi, tsiku limenelo mwanayo mumupumitseko kotunga madzi ndi kumunda kwa maola awiri kapena atatu, ndipo foni yake ikhale m'thumba mwanu kufikira atamaliza.