Ulendo wa tsiku limodzi ku chilumba: funsani za boti musanafunse za mtengo

Achemwali, mwafunsa ngati kuli bwino kukwera boti limodzi ndi alendo ena popita ku chilumba cha m'nyanja yamchere n'kubwerako tsiku lomwelo, mwafunsanso za mtengo ndi za hotelo. Mwati muli anthu anayi, inuyo, bambo akunyumba, mwana wa zaka 6 ndi apongozi anu amene msana umawavuta. Za hotelo akuthandizani ena. Ine ndigwira za boti, chifukwa tsiku lotereli likawonongeka limawonongekera pamadzi, chilumba chilibe mlandu. Amene akuyankhani kuti mungotenga chotchipa poti chilumba n'chimodzimodzi sanawerenge bwino za msana wa apongozi anuwo.

Musanalipire, funsani kuti ndi boti lanji, ndipo akutumizireni chithunzi cha boti lenilenilo limene mudzakwere, osati chithunzi cha gombe. Maulendo awa amayenda kwambiri ndi maboti a mitundu itatu. Speedboat imakhala ndi mainjini awiri kapena atatu kumbuyo, ndipo imathamanga pafupifupi makilomita 50 pa ola. Boti lamatabwa la injini imodzi limayenda makilomita 12 kapena 13 pa ola. Ndiye kuti chilumba chimene chili pa mtunda wa makilomita 40, speedboat imafikako m'mphindi 45 kapena 50, pamene lamatabwa lija limadya maola atatu kupita, atatu kubwera. Pakati pa awiriwa pali catamaran, boti la mimba ziwiri, limene silipendama kwambiri ndipo nthawi zambiri limakhala ndi mthunzi ndi chimbudzi. Kwa gulu lanu, catamaran kapena boti lalikulu ndiye loyenera, ngakhale mutawonjezerapo ndalama.

Chifukwa chake ndi ichi. Speedboat ikamadula mafunde, mutu wake umanyamuka n'kumenya madzi. Munthu wokhala kutsogolo amaponyedwa m'mwamba, ndipo pamene iye akutsika, mpando umakhala ukukwera kudzakumana naye. Mafupa a msana amafinyika, ena amathyoka kumene, makamaka achikulire. N'chifukwa chake makampani ambiri amakana amayi oyembekezera ndi anthu odwala msana pa speedboat. Ngati palibe boti lina, apongozi akhale mpando wakumbuyo pafupi ndi mainjini. Kuli phokoso komanso fungo la mafuta, koma n'kumene kumadumpha pang'ono. Mapazi aponde pansi, mawondo akhale opinda, manja agwire chitsulo. Achinyamata amalimbirana kutsogolo chifukwa cha zithunzi, asiyeni apite.

Tsopano nyengo, imene ndikufuna muimve kuposa zonse. Pa 5 July 2018, boti la alendo limene linkabwerera kuchokera ku chilumba linagubuduzika ndi namondwe pafupi ndi Phuket ku Thailand, ndipo alendo 47 ochokera ku China anamwalira. Chenjezo la nyengo linali litaperekedwa kale. Ngoziyi inachitika madzulo, pobwerera, ndipo ambiri mwa omwalirawo anapezeka m'kati mwa boti. Anthu amaweruza nyanja poyang'ana m'mawa ali pa doko, pomwe madzi ali phee. M'madera ambiri otentha mphepo imakula masana, mtunda ukatentha n'kuyamba kukoka mphepo ya panyanja, choncho ulendo wobwerera umagwedeza kuposa wopita. Komanso doko limakhala pamalo obisika, mafunde enieni mumakumana nawo mutatuluka.

Onani nokha za mphepo usiku ndi m'mawa wa tsikulo. Pa foni pali Windy ndi mapulogalamu ena otero, ndipo muone ola lobwerera, osangoti lonyamuka. Mphepo ya panyanja amaiyeza mu knots, ndipo knot imodzi ndi makilomita pafupifupi 1.85 pa ola. Ikakhala pansi pa 10, ulendo ndi wofewa. Ikafika 15, boti laling'ono limayamba kumenya ndipo ena ayamba kusanza. Ikapitirira 20, kapena mafunde akamaposa mita imodzi ndi theka, ndi mwana ndi munthu wamkulu musakwere, ngakhale wogulitsa matikiti atalumbira. Iyeyo amapeza ndalama yake mukakwera, ndipo iye mwini amatsala pa doko. Funsaninso ngati ino ndi nyengo ya mphepo kuderalo, chifukwa matikiti amatchipa nthawi imene nyanja ili yoipa.

N'chifukwa chake nkhani yobweza ndalama muithetse musanapereke dipoziti. Akulembereni pa uthenga kuti ulendo ukalephereka chifukwa cha nyengo adzabweza zonse kapena kukusinthirani tsiku, komanso chimene chidzachitike ngati inuyo mwakana kukwera pamene iwo akuti tiyeni. Ambiri salemba mbali yachiwiriyi, ndipo apa ndi pamene anthu amakwera boti mtima ukukana poopa kutaya ndalama. Ikani ulendowu kumayambiriro kwa tchuthi kuti mukhale ndi masiku osinthira.

Mukafika pa doko, yang'anani majekete oyandamitsa boti lisananyamuke. Akwanire aliyense, zingwe ndi zomangira zikhale zamoyo, ndipo asakhale otsekeredwa pansi pa katundu. La mwana mulifunse potenga tikiti, mutchule kulemera kwake mu makilogalamu. Jekete la munthu wamkulu pa mwana wa zaka 6 limavuka akangogwera m'madzi. Mukam'veka, mukokereni jeketelo m'mwamba mutagwira pamapewa, likafika m'makutu ndiye kuti ndi lalikulu, ndipo labwino limakhala ndi chingwe chodutsa pakati pa miyendo. Pa boti la chipinda chotsekeka, khalani pafupi ndi khomo, chifukwa madzi akalowa jekete limakukankhirani kudenga ndipo kutuluka kumavuta. Werengani mitu ya anthu n'kuyerekeza ndi chiwerengero chololedwa, chimene maboti olembetsedwa amachilemba poonekera. Anthu akamakhala pa mabokosi a zakumwa poti mipando yatha, tsikani.

Pa mtengo, chimene amalengeza sichikhala chonse. Zilumba zambiri zili m'malo otetezedwa ndi boma ndipo pali ndalama yolowera imene amatolera padera pa munthu aliyense, mlendo wakunja amalipira yochuluka kuposa nzika. Pamabweranso ndalama ya doko, yobwereka mask (galasi lovala kumaso poona pansi pa madzi) ndi zipsepse zosambirira, galimoto yokutengani ku hotelo ngati muli kutali, ndi zakumwa. Zonsezi zikaphatikizana mutha kupeza kuti tikiti yotchipa ija yafanana ndi yodula imene inali ndi zonse. Auzeni akulembereni chimene sichili m'tikiti. Tengani ndalama za m'manja zosinthasintha m'kachikwama kosalowa madzi, pachilumba makina a khadi ndi netiweki si zodalira. Muli anayi, ndiye boti logawana likutchipirani. Mukanakhala 6 kapena 8 ndikanati funsani mtengo wa boti lonse mugawane, chifukwa pamenepo kusiyana kumachepa ndipo nthawi imakhala m'manja mwanu.

Mawu akuti ulendo wa tsiku lonse musawakhulupirire musanawerenge maola. Galimoto imayamba kuzungulira mahotelo m'mamawa, pa doko mumadikira kuti gulu likwane, ndipo boti limaima malo atatu kapena anayi, paliponse mphindi 30 kapena 40. Pa boti la anthu 30, kutsika ndi kukwera kokha pa makwerero amodzi kumadya mphindi 10 mbali iliyonse. Funsani kuti pachilumba chenichenicho mudzakhalapo maola angati. Ulendo wa malo awiri oimapo umakoma kuposa wa malo asanu, ndipo wonyamuka m'bandakucha umakufikitsani gombe lisanadzaze, n'kukubwezani mphepo isanakule.

Palinso chinthu chimene anthu osazolowera nyanja yamchere sachiganizira. Madzi amadzala n'kuphwa, m'malo ambiri kawiri pa tsiku, ndipo kuchokera podzala kufika pophwa ndi maola 6 ndi mphindi zochepa. Nthawi yake imachedwerapo pafupifupi mphindi 50 tsiku lililonse, ndipo kusiyana kumakula mwezi ukakhala wathunthu kapena ukangokhala kumene. Ngati chokopa cha ulendowo ndi mchenga wa pakati pa nyanja, umaoneka madzi akaphwa basi. Koma madzi akaphwanso boti silifika pagombe, limaponya nangula patali ndipo mumayenda m'madzi ofika m'mawondo kapena m'chiuno, pamiyala yoterera. Funsani ngati pachilumbapo pali potsikira pomangidwa, chifukwa kwa apongozi anu kulumpha kuchokera m'boti logwedezeka kungathetse ulendo wonse. Aliyense avale nsapato za m'madzi zogwira phazi, masilipasi amatengedwa ndi funde. Pansi pamakhala tinyama taminga totchedwa sea urchin, minga yake imathyokera m'phazi. Ikakubayani, viikani phazi m'madzi otentha amene khungu lingapirire kwa mphindi 30 kapena kuposa, ndipo musaikumbe ndi singano.

Za nseru, mankhwala amagwira mukamwa musanakwere. Mukayamba kusanza ndiye kuti mwachedwa, piritsi limabwerera momwemo. Dimenhydrinate amamwa kutatsala mphindi 30 mpaka ola, meclizine ola limodzi, cinnarizine maola awiri. Onsewa amagonetsa, osaphatikiza ndi mowa, ndipo meclizine si wa mwana wa zaka 6. Mlingo wa mwana, komanso ngati apongozi akumwa mankhwala ena, funsani ku famase musananyamuke. Idyani pang'ono m'mawa, chosakhala ndi mafuta ambiri, koma musakwere ndi njala. Nseru imabwera chifukwa khutu lamkati likumva kugwedezeka pamene maso akuona mpando wosasuntha, choncho khalani panja popita mphepo, maso ali kutali kumene nyanja yakumana ndi thambo, foni ili m'chikwama. Ikakukanikani, sanzirani mbali imene mphepo ikupita, osati kumene ikuchokera.

Posambira, ngozi yaikulu ndi maboti omwewo. Pagombe lotchuka amaimikana ambiri, akulowa ndi kutuluka, ndipo woyendetsa saona mutu wa munthu amene wawerama m'madzi. Musayandikire kumbuyo kwa boti lililonse ngakhale injini ikuoneka yozima, pulopela imadula ngati chikwanje. Sambirani m'kati mwa zingwe zimene amayandamitsa, mutavala jekete ngakhale mumadziwa kusambira, ndipo muzidzutsa mutu pafupipafupi chifukwa madzi amakukokani osamva. Akakukokani musalimbane nawo, yandamani n'kukweza dzanja. Mask muiyese muli m'boti, iikeni kumaso osamanga lamba, mukoke mpweya ndi mphuno, ikamatirira ndiye kuti yakukwanani. Tsitsi likalowa m'mphepete imadontha. Kuti isachite nkhungu, pakani malovu m'kati mwa galasi n'kutsukuluza pang'ono. Zija zophimba nkhope yonse zotchipa zisiyeni, zina zimasunga mpweya umene mwapuma kale. Matanthwe a coral musawaponde kapena kuwagwira, ndi zamoyo zimene zimafa, ndipo chilonda chake chimachedwa kupola. Funsaninso ngati m'boti muli viniga, m'nyanja zotentha ndiye woyamba kuthira jellyfish (kanyama kofewa koyandama m'madzi) ikakuwotchani, osati madzi akumwa, ndipo osatikita.

Lowezani dzina ndi mtundu wa boti lanu, kapena lijambuleni, chifukwa pagombe onse amafanana. Onetsetsani kuti antchito akuwerenga anthu paliponse musananyamuke. Mu 1998 anthu awiri anasiyidwa m'madzi ku Great Barrier Reef ku Australia chifukwa cha kuwerenga kolakwika, ndipo sanapezekenso. Gwirizanani ndi oyandikana nawo mpando kuti aziona ngati mwakwera, inunso muziwaonera.

Dzuwa la pamadzi limawotcha kuchokera kumwamba ndi pansi pomwe, ndipo mphepo imakunamizani kuti kukuzizira. Khungu lakuda limapsanso. Mafuta oteteza ku dzuwa akhale a SPF 30 kapena kuposa, pakani musanakwere, mubwereze pakatha maola awiri ndiponso mukatuluka m'madzi. Malo ena monga Palau ndi Hawaii analetsa mafuta okhala ndi mankhwala otchedwa oxybenzone poteteza coral, ndiye werengani pabotolo. Malaya a manja aatali osambira nawo amateteza kuposa mafuta, makamaka kwa mwana. Madzi akumwa tengani anu, malita awiri pa munthu, a m'boti amatha msanga. Mankhwala amene apongozi amamwa tsiku ndi tsiku akhale m'chikwama chosalowa madzi pamodzi ndi mafoni, mutengeko ndi a mawa lake poti nyanja ikaipa boti limatha kugona kuchilumba. Pasipoti yeniyeni isiyeni ku hotelo pokhapokha atanena kuti ikufunika.

Poti boti limatha kugona kuchilumba, musaike ulendowu pa tsiku lokwera ndege kapena dzulo lake ngati ndegeyo ndi ya m'mamawa. Ndipo ngati bambo akunyumba angakopeke kumira ndi mabotolo a mpweya, zimene maboti ena amagulitsa muli kale panjira, adikire maola osachepera 12 asanakwere ndege akamira kamodzi, ndi 18 akamira kangapo.