Kodi anthu a ku Canada akukaniranji kulowa mu America?

Bambo wina wa ku Lilongwe amene amawerenga tsamba lino anditumizira imelo yokhala ndi funso limene ndikukhulupirira kuti ambiri ali nalo. Ndalifupikitsa pang'ono: "Ndakhala ndikumva kuti Donald Trump akufuna dziko la Canada likhale chigawo cha nambala 51 cha United States, koma eni ake akukana. Kodi akukanadi ndi anthu wamba, kapena ndi andale okha amene akuopa kutaya mipando yawo? Anthu padziko lonse akufola mizere kufuna visa ya ku America, ndiye awawa akukaniranji mwayi wowapeza okha pakhomo?"

Zikomo bambo chifukwa cha funsoli. Akukana ndi anthu wamba, ndipo pa nkhani imeneyi andale ndi amene akutsatira m'mbuyo. Ineyo ndikuona kuti akulondola kukana, ngakhale pali mbali ina imene ikundidetsa nkhawa, ndipo ndiifotokoza.

Nkhaniyi inabuka kumapeto kwa Novembala 2024. Justin Trudeau, yemwe panthawiyo anali nduna yaikulu ya Canada, anapita kukadya chakudya chamadzulo ndi Trump ku Mar-a-Lago, ku Florida. Chimene anapitira ndi msonkho wa 25 peresenti umene Trump ankaopseza kuti aika pa katundu wochokera ku Canada. Zinamveka kuti Trump anamuuza kuti ngati Canada singaupirire msonkhowo, ingolowa mu United States. Poyamba anthu anati ndi nthabwala za patebulo. Koma Trump sanaleke. Anayamba kumutchula Trudeau kuti bwanamkubwa, ngati kuti ndi mtsogoleri wa chigawo osati wa dziko, ndipo pa 7 Januwale 2025 anauza atolankhani kuti asilikali sawafuna pa ntchitoyi, adzagwiritsa ntchito mphamvu ya chuma. Kuseka kunathera pomwepo.

Mabungwe ofufuza maganizo a anthu sanachedwe. Mu Disembala 2024, a Leger anapeza kuti anthu 82 pa 100 alionse sakufuna kuti Canada ikhale chigawo cha America, ndipo ofuna anali 13. Mwezi wotsatira a Angus Reid anafunsa anthu kuti angavote bwanji patakhala riferendamu, ndipo 90 pa 100 anati angakane. Dziko la Canada si la anthu ogwirizana wamba. Ku Quebec amalankhula Chifalansa ndipo mu 1995 anatsala pang'onong'ono kudzipatula, kumadzulo amadandaula kuti boma la ku Ottawa, likulu la dzikolo, limawadyera masuku pamutu, a zipani amanyozana ngati kwina kulikonse. Kuti anthu otere anene chinthu chimodzi pa mlingo umenewu, ndiye kuti chawakhudza pamtima.

Komabe kuyankha funso pa foni n'kosavuta. Ine chimene chinandikhutiritsa ndi zimene anthu anachita ndi ndalama zawo. Ku Ontario, mowa waukali umagulitsidwa kudzera m'masitolo a boma otchedwa LCBO. Pa 4 Malichi 2025, tsiku limene misonkho ya Trump inayamba kugwira ntchito, ogwira ntchito m'masitolowa anatsitsa mabotolo a ku America m'mashelefu, wisiki wa ku Kentucky ndi vinyo wa ku California, n'kuwalongedza m'makatoni. Zigawo zina zinachitanso chimodzimodzi. M'masitolo a zakudya, ogula anayamba kutembenuza paketi iliyonse kuti awerenge kumene yapangidwa, ndipo eni masitolo anayamba kumata chizindikiro cha tsamba lofiira, lija lili pa mbendera yawo, pa katundu wa m'dziko momwemo. Bungwe la boma la Statistics Canada linapeza kuti maulendo a pagalimoto opita ku United States anatsika ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu poyerekeza ndi chaka chapitacho. Kumbukirani kuti awa ndi anthu amene anazolowera kuwoloka malire kukagula zinthu zotsika mtengo, ndipo okalama ambiri amathawira ku Florida ndi ku Arizona nyengo yozizira ikafika. Palibe wandale anawaletsa kupita. Anangoleka okha.

Ku masewero nakonso zinaoneka. Mu Febuluwale 2025, ku Montreal, anthu anakuwiza nyimbo ya fuko la America asanayambe masewero a hockey a pakati pa Canada ndi America, aja amaseweredwa pa madzi oundana. Masewerowo atangoyamba, m'masekondi 9 oyambirira munachitika ndewu zitatu. Anthu a ku Canada amadziwika ndi ulemu, moti kukuwiza nyimbo ya fuko la mnansi sikunali chizolowezi chawo.

Za andale oopa kutaya mipando zija, bambo, taonani mmene chisankho chinayendera. Mu Januwale 2025 chipani cha Liberal chinali chitatheratu. Anthu anali atatopa ndi Trudeau, ndipo iye analengeza pa 6 Januwale kuti atula pansi udindo. Chipani cha Conservative cha Pierre Poilievre chinali patsogolo ndi mapointi oposa 20 pa kafukufuku. Kenako nkhani ya Trump inaphimba zina zonse. Mark Carney, yemwe anayendetsapo banki yaikulu ya Canada komanso ya England, koma anali asanapikisanepo pa chisankho chilichonse cha aphungu, anatenga utsogoleri wa Liberal mu Malichi, ndipo pa 28 Epulo chipanicho chinapambana. Poilievre anagwa ngakhale m'dera lake la Carleton. Sikuti iye ankafuna zolowa mu America ayi, naye ananena poyera kuti Canada sidzakhala chigawo cha 51. Kungoti ovota ambiri anaona kuti kalankhulidwe kake kakufanana ndi ka Trump, ndipo zimenezo zinakwana. Pa 6 Meyi Carney anakhala pansi ndi Trump ku White House n'kumuuza pamaso pa makamera kuti Canada siikugulitsidwa ndipo sidzagulitsidwa. Ankanena zimene anamutuma ovota.

Chifukwa chake kukanaku kuli kozama chonchi n'chakuti funsoli si lachilendo. Tinganene kuti Canada inabadwa chifukwa cholikana. Mu 1775 asilikali a zigawo za America zimene zinkaukira Britain analowa ku Quebec poganiza kuti anthu awalandira ndi manja awiri. Anagonja pa 31 Disembala, ndipo mkulu wawo Richard Montgomery anafera pomwepo. Nkhondo ya ufulu wa America itatha mu 1783, anthu masauzande ambiri amene sanafune kukhala m'dziko latsopanolo anasamukira kumpoto, ndipo ndi amene anakhazikitsa madera ambiri a Ontario ndi New Brunswick a lero. Mu 1812 America inalowanso. Mu 1813 asilikali ake anatentha nyumba za boma ku York, kumene pano ndi Toronto, koma dzikolo sanalitenge. Ndipo pamene zigawo za kumpotozi zinagwirizana kupanga dziko limodzi pa 1 Julayi 1867, chimodzi mwa zifukwa zake chinali mantha: America inali itangomaliza nkhondo yake yapachiweniweni ili ndi asilikali ochuluka, inali itathetsa mgwirizano wa malonda mu 1866, ndipo mu 1867 momwemo inagula Alaska kwa Russia.

Sikuti ofuna kulowa sanakhalepo. Mu 1849 amalonda akuluakulu a ku Montreal, atapsa mtima kuti Britain yachotsa malamulo amene ankakondera tirigu wawo, anasaina chikalata chopempha kuti alowe mu United States. Mmodzi mwa osainawo, John Abbott, anadzakhala nduna yaikulu mu 1891. Koma mgwirizano wa malonda ndi America utabwera mu 1854, nkhaniyo inazilala, kusonyeza kuti chimene ankafuna ndi msika, osati mbendera. Mu 1911 zinachitika zofanana kwambiri ndi za 2025. Nduna yaikulu Wilfrid Laurier inakonza mgwirizano wa malonda ndi America. Wandale wina wamkulu wa ku Washington, Champ Clark, ananena m'nyumba ya malamulo kuti akuyembekeza kudzaona mbendera ya America ikuwuluka pamwamba pa dziko lonse la kumpotolo. Mawu amenewo anathandiza kugwetsa boma la Laurier chaka chomwecho.

Tsopano ku funso lanu la visa, limene ndi mtima wa nkhaniyi. Munthu mmodzi kupita ku America kukagwira ntchito n'kosiyana kwambiri ndi dziko lonse kusungunuka. Munthu wopita amasankha yekha, ndipo zikamuvuta ali ndi kwawo kobwerera. Ndiponso nzika za Canada mwayi umenewo zili nawo kale: zimalowa mu United States kukacheza popanda visa, ndipo a ntchito zina zaukatswiri amapeza chilolezo mosavuta kudzera m'mgwirizano wa malonda wa mayikowa. Ndiye chimene angapindule n'chochepa, pamene chimene angataye n'chachikulu.

Choyamba chimene munthu wa ku Canada angakuuzeni ndi chipatala. Kumeneko ukadwala umapita kwa dokotala, umaonetsa khadi la chigawo chako, sulandira bilu. Dongosololi linayambira ku Saskatchewan pansi pa Tommy Douglas, ndipo lamulo la 1984 linalilimbitsa m'dziko lonse. Lili ndi mavuto ake, anthu amadikira miyezi kuti achitidwe opaleshoni ndipo ambiri alibe dokotala wa banja. Koma amaona anzawo tsidya linalo akugulitsa nyumba chifukwa cha ngongole ya kuchipatala. Malamulo a mfuti nawonso ndi okhwima ku Canada. Kwa anthu a ku Quebec nkhani ndi chinenero: ku Canada Chifalansa ndi chinenero cha boma limodzi ndi Chingerezi, ndipo akudziwa mmene chinazimiririra ku Louisiana, chigawo cha America. Mitundu ya eni nthaka, imene inalipo Azungu asanafike, ili ndi mapangano amene inasainirana ndi ufumu wa Britain, ndipo atsogoleri awo akhala akukumbutsa kuti palibe angapereke malo amenewo kwa wina iwo osafunsidwa. Onjezerani masamu: Canada ili ndi anthu pafupifupi 41 miliyoni, America pafupifupi 340 miliyoni. Itakhala chigawo chimodzi, ingakhale ndi masenita awiri okha pa 102, mofanana ndi Wyoming imene anthu ake sakwana 600,000.

Ife Amalawi siziyenera kutidabwitsa. Mu 1953 makolo athu anauzidwa kuti chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chibweretsa chuma ndi chitukuko, ndipo ambiri a iwo ankapitadi okha ku Salisbury ndi ku Bulawayo kukagwira ntchito. Koma anthu omwewo anachikana chitaganyacho mpaka chinatha mu 1963, chifukwa kupita kukasaka ndalama kwa mnansi sikutanthauza kumupatsa dziko lako kuti azililamulira.

Ngakhale patapezeka boma lofuna, njira ya malamulo ndi yotsekeka ndithu. Malamulo aakulu a 1982 amati kusintha udindo wa mfumu ya Britain monga mtsogoleri wa dziko la Canada kumafuna chilolezo cha nyumba ya malamulo ya ku Ottawa ndi nyumba za malamulo za zigawo zonse 10. Kuti muone kuvuta kwake, mu 1990 mgwirizano wa Meech Lake, umene unkasintha zinthu zochepa kwambiri m'malamulowo poyerekeza ndi izi, unagwa. Ku Manitoba phungu mmodzi wa mtundu wa eni nthaka, Elijah Harper, atagwira nthenga ya chiwombankhanga m'manja, anakana kuti nyumbayo ifulumizitse zokambirana, ndipo nthawi inatha.

Nkhawa yanga ili pa achinyamata. Mu Januwale 2025 a Ipsos anafunsa funsoli mwa njira ina: bwanji mutalonjezedwa unzika wonse wa America, ndipo ndalama ndi katundu wanu zitasinthidwa kukhala madola a ku America? Mwa azaka 18 mpaka 34, anthu 43 pa 100 anati angavomere. Chiwerengerochi sichikutanthauza kuti amaikonda America kuposa makolo awo. Ku Toronto ndi ku Vancouver mtengo wa nyumba wapakati unadutsa madola a ku Canada 1 miliyoni, lendi ikudya malipiro, ndipo ntchito zambiri zaukatswiri zimalipira bwino kum'mwera kwa malire. Wachinyamata amene waona kuti sadzagula nyumba mumzinda umene anabadwira amamvetsera wina akamamulonjeza zabwino. Ku Alberta nakonso, kumene kuli mafuta ndipo anthu akadali ndi chidandaulo kuyambira ndondomeko ya mafuta ya 1980 ya Pierre Trudeau, bambo ake a Justin amene nawo anali nduna yaikulu, ovomereza amachulukirapo kuposa kwina, ngakhale kuti kumenekonso ambiri amakana.

Ndipo pansi pa zonsezi pali kudalira kwenikweni. Mu 2024, pafupifupi magawo atatu mwa anayi a katundu amene Canada inagulitsa kunja anapita ku United States. Zipangizo za galimoto imodzi zimatha kuwoloka kangapo pakati pa Windsor ku Canada ndi Detroit ku America galimotoyo isanathe kupangidwa. Trump akamati mphamvu ya chuma, akunena za fakitale ngati zimenezo ndi mabanja amene amadya kuchokera mmenemo. Choncho mukamatsatira nkhaniyi, bambo, musamangoyang'ana 82 kapena 90 uja. Muziyang'ana ngati boma la ku Ottawa likukwanitsa kumangitsa nyumba zoti achinyamata angagule, ndi kupeza misika ina ku Ulaya ndi ku Asia, chifukwa 43 uja adzakwera kapena kutsika malinga ndi zimenezo.