Rosemary akuuma chonsecho akuthiriridwa kawiri pa tsiku

Mayi wina wa ku Lilongwe wanditumizira imelo yodandaula. Akuti anadzala rosemary, minti ndi lemon grass m'beseni limodzi lakale pakhonde, ndipo amathirira m'mawa ndi madzulo osaphonya. Minti wadzadza beseni lonse, lemon grass ali bwinobwino, koma rosemary masamba akuda n'kumayoyoka. Akufunsa ngati awonjezere madzi.

Ayi mayi, chonde musawonjezere. Chikupha rosemary wanuyo ndi madzi omwewo.

Mizu nayo imapuma. M'dothi mumakhala timipata tosunga mpweya, ndipo mukathirira, madzi amadzaza timipatato kenako n'kutsika, mpweya n'kubwereranso. Tsono ngati beseni lilibe zibowo pansi, kapena munadzazamo dothi la makande lomwe limagwira madzi, mpweyawo subwerera. Mizu imabanika, imayamba kuola, ndipo muzu woola sungakokenso madzi. Mapeto ake chomera chimafota chili m'matope, kufota kofanana ndendende ndi kwa chilala. Apa ndi pamene ambiri amanyengedwa, amathamangira keni n'kuthiranso. Fukulani pang'ono m'mbali mwa tsinde muone. Mizu yamoyo imakhala yoyera ndi yolimba. Yoola imakhala yoderako, yofewa, yonunkha chithaphwi, ndipo mukaikoka khungu lake limavuka n'kutsalira m'zala.

Vuto lina n'lakuti zomera zitatuzi kwawo n'kosiyana. Rosemary anachokera m'mbali mwa nyanja ya Mediterranean, m'maiko monga Spain, Italy ndi Greece, komwe amamera m'zitunda za miyala ndipo nyengo yotentha imatha pafupifupi yonse popanda mvula. Masamba ake ndi ang'onoang'ono, olimba, osataya madzi ambiri. Minti ndi wa m'mphepete mwa mitsinje ndi malo a chinyontho, masamba ake ofewa, mizu yake yoyenda pamwambamwamba. Dothi likangouma, iye wagwa. Lemon grass ndi wa kumadera otentha, a mvula yambiri, a ku Asia. Mlingo wa madzi wokondweretsa awiriwa ndi umene ukumiza rosemary, ndiye m'beseni limodzi simungawakhutitse onse.

Za fungo nazo ndinenepo, poti n'chimene timadzalira zitsambazi. Fungo limachokera ku mafuta a m'masamba. Rosemary kapena mpungabwi wokulira pa dzuwa, m'dothi louma pakati pa kuthirira kwina ndi kwina, amakhala ndi fungo lamphamvu kuposa wokulira m'chinyontho chosalekeza. Wamadzi ambiri amaoneka wonenepa, koma mukamufikisa m'manja fungo lake ndi lozilala. Ine zimandiwawa kuona munthu akuvutika kutunga madzi kuti apeze masamba osakoma m'ndiwo.

Ndiye chitani izi. Rosemary muikeni payekha, m'chidebe chobooledwa pansi, m'dothi losakaniza ndi mchenga wa kumtsinje, pamalo pofika dzuwa kwa maola osachepera 6. Za kawiri pa tsiku muiwale. Pisani chala m'dothi mpaka pa mfundo yachiwiri. Chikatuluka chonyowa, musiyeni. Chikatuluka chouma, thirirani kwambiri mpaka madzi atulukire pansi, kenako dikirani liumenso. Mu Okutobala dzuwa likamaswa mtengo mwina zidzatenga masiku awiri kapena atatu, pomwe mu Juni ndi Julaye sabata ikhoza kutha. Mvula ikalimba mu Januwale, mukokereni pansi pa denga. Thirirani m'mawa, patsinde osati pamasamba, chifukwa masamba ogona onyowa amagwidwa msanga ndi nkhungu.

Minti ndi lemon grass atsale m'besenimo, koma nalonso liboolani, ndipo muphimbire pamwamba ndi udzu wouma. Madzi a sopo otsala pochapa musathire pa zitsamba zodya. Amene mumathirira ndi madzi a pamjigo amchere, monga amapezekera m'madera ena a Chikwawa ndi Nsanje, mukaona zoyera zikukhala pamwamba pa dothi, thirani madzi ambiri a mvula kuti mcherewo utsukike.

Ngati mizu ya rosemary yatheratu koma nsonga zikadali zobiriwira, musataye. Dulani nsonga zotalika masentimita 10, budulani masamba a m'munsi, n'kuzibaya mumchenga wonyowa pang'ono pamthunzi. Pakatha milungu 4 mpaka 6, kokani imodzi pang'onopang'ono. Ikakana kutuluka, yagwira mizu.