Funsani Azakhali: Okushoni Yodzazira Mashelefu a Food Bank

Zikomo Azakhali,

Ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala ku Leicester kuno ku Mangalande ndipo ndimagwira ntchito yosamalira okalamba. Loweruka ndikapuma ndimakathandiza ku food bank ya m'dera lathu, yomwe ili mu holo ya tchalitchi china. Chaka chino mashelefu sakuchedwa kupepuka. Tsiku lina pamsonkhano pakamwa panandithamangira, ndinati ife Amalawi tikhoza kukonza okushoni ngati ija timachita pa masika kwathu. Onse anawomba m'manja, basi ntchito n'kundigwera. Kwatsala milungu 7. Anthu ayamba kale kundibweretsera katundu: nsapato zakutha, mabuku akale, ketulo yopanda chivundikiro. Bambo akunyumba akuti ndisiye zonsezi, tingosonkha ndalama mu envelopu. Ndiyambire pati?

Mayi wa ku Leicester

Mwana wanga,

Walira mvula walira matope, ndiye vulani nsapato tiyende. Koma choyamba ndilankhuleko ndi owerenga akumudzi kuno amene akudabwa kuti kodi ku Ulaya nakonso kuli njala. Iliko, kungoti imavala jekete. Food bank ndi nkhokwe ya chakudya ya m'dera: ena amaponyamo, ena zikawathina amakatapamo. Yoyamba inatsegulidwa mu 1967 ku Phoenix, m'chigawo cha Arizona ku America, ndipo anaiyambitsa ndi John van Hengel. Ku Britain bungwe la Trussell Trust linatsegula yake yoyamba ku Salisbury mu 2000, ndipo kuchokera mu April 2023 kufika mu March 2024 nthambi zake zinagawa maphukusi oposa 3.1 miliyoni. Phukusi limodzi ndi chakudya cha masiku atatu, ndipo munthu amabwera ndi kavocha kochokera kwa dokotala, kusukulu ya ana kapena ku Citizens Advice, bungwe lopereka uphungu kwa anthu. Ine ndinaziona ndi maso nditapita kukalera chidzukulu kumeneko. Pamzere panali mayi wina atavala yunifolomu ya kuntchito, akuyang'ana pansi ngati wataya singano.

Tsopano ketulo yanuyo. Ithokozeni, muipereke ku shopu ya zachifundo pamodzi ndi nsapato ndi mabukuwo. Isalowe mu holo. Okushoni si kaunjika. Pa kaunjika munthu amafuna kugula motchipa, pomwe pa okushoni yachifundo amafuna kugula modula anzake akuona. Mukaika zotayidwa patebulo mwauza anthu kuti lero ndi tsiku lonenerera, ndipo adzanenerera mpaka madzulo inu n'kutsala ndi makatoni oti mubwerere nawo kunyumba.

Ndakhala msungichuma wa amayi pampingo wathu kuno ku Blantyre zaka zambiri, ndipo masika ndawaona ochuluka. Chimene chimakweza mtengo si kukula kwa chinthu ayi. Ndinaonapo dengu la mbatata likugulidwa mtengo woposa wa thumba la chimanga, chifukwa woitanira malonda anati mbatatayi analima ndi gogo uje amene amakhala pabenchi yakutsogolo, wosaphonya mapemphero ngakhale kugwe mvula ya matalala. Abambo awiri anayamba kupikisana, gogoyo akuseka chobisa nkhope m'chitenje. Wopambanayo analipira n'kubweza dengulo kuti ligulitsidwenso. Linagulitsidwa katatu tsiku limenelo.

Ndiye funsani kuti inu Amalawi a ku Leicester muli ndi chiyani chimene munthu sangachipeze m'sitolo zazikulu za Tesco. Muli nazo zambiri. Amene akubwera kuchokera kumudzi m'milungu ikubwerayi akutengereni mpunga wa Kilombero, khofi wa Mzuzu, tsabola wa Nali, Sobo, ndi zitenje zabwino ziwiri kapena zitatu. Izi muzimange m'madengu, osagulitsa chimodzichimodzi. Mmalawi amene watha zaka 6 osaponda kwawo akamva fungo la Kilombero salabadiranso za chikwama.

Koma zimene zidzakupatseni ndalama zenizeni ndi malonjezo. Angerezi eni akewo amaidziwa bwino okushoni yotere, amaichita m'masukulu ndi m'matchalitchi mwawo: munthu sabweretsa katundu, amalonjeza ntchito ya manja ake. Wina alonjeze kuluka tsitsi, ndipo inu mukudziwa mmene kulukitsa kumadulira kumeneko. Wina alonjeze kusoka diresi la chitenje pa muyeso wa wogula. Wina kuperekeza munthu ku bwalo la ndege la Heathrow ndi masutukesi ake onse. Wina kuphunzitsa mwana masamu maola anayi mayeso a GCSE asanafike. Inuyo lonjezani chakudya chamadzulo cha anthu 6 kunyumba kwanu: nsima, nkhuku, nyemba, nkhwani wotendera, thobwa. Zimenezi sizikudyerani ndalama zambiri, sizifuna malo osungira, ndipo wogula amapeza mnzake watsopano pamwamba pake. Lonjezo lililonse lilembedwe pakhadi, ndi dzina la wolonjeza ndi tsiku lomaliza kulikwaniritsa. Lonjezo lopanda tsiku limakalamba.

Pa nkhwani wotenderawo ndiimepo pang'ono. Kumeneko mtedza uli m'gulu la zakudya 14 zimene malamulo amazitchula kuti zimawenga anthu, ndipo ena zimawawenga mpaka kubanika. Ngati mudzaphika patsikulo, mbale iliyonse yokhala ndi nsinjiro ikhale ndi kapepala kolembedwa moonekera. Ife tinazolowera kuthira nsinjiro osaganiza kawiri.

Woitanira malonda musamusankhe chifukwa cha udindo. Abusa atsegule ndi pemphero akhale pansi. Mufune uja amayendetsa perekaniperekani pa maukwati a Amalawi kumeneko, wodziwa mayina a anthu, wodziwa kuseleula osanyoza, wodziwanso kuti pano pakwana nditseke. Mumupatse zinthu 10 kapena 12 zokha zoitanira pakamwa. Kupitirira apo anthu amatopa, ana amayamba kulira, a shifiti ya usiku amayamba kuyang'ana wotchi. Zotsalazo muziike pamatebulo, chilichonse ndi pepala lake, anthu azilemba okha dzina ndi mtengo, wolemba wapamwamba pofika nthawi yotseka ndiye watenga. Njira yachete imeneyi imathandiza amanyazi, ndiponso azungu ambiri amene sakonda kufuula pagulu. Chinthu chilichonse chikhale ndi mtengo woyambira umene mwagwirizana ndi mwini wake. Palibe chopweteka ngati mayi kusoka diresi sabata yathunthu n'kuliona likupita pa £5.

Chinthu chabwino kwambiri musayambe nacho, musamalizenso nacho. Chiikeni pakati, anthu atadya, asanayambe kuvala majekete. Tsikulo ngati n'kotheka ligwe malipiro atangotuluka. Ndipo musaitane Amalawi okhaokha. Ndinu ochepa, ndipo matumba omwewo ndi amene amasonkha maliro, maukwati ndi fizi ya kumudzi. Itanani anzanu akuntchito, aneba, a mpingo umene uli ndi holoyo. Food bank ndi ya dera lonse.

Tsopano mvetserani nkhani ya mbuzi. Chinali chaka chotsatira njala ija ya 2002, anthu atakolola pang'ono n'kubwera ku masika ndi mitima yothokoza. Banja lina linapereka mbuzi yaikazi yonenepa bwino. Bambo wina wa tayi anaikweza mpaka katatu mtengo wa kumsika, tchalitchi chonse nthungululu. Atafika patebulo panga anati, amayi, lembani dzina, mwezi ukatha ndibweretsa. Ndinachita manyazi kumukaniza pamaso pa anthu, mbuzi inakwera galimoto. Mwezi unatha, wina unatha. Pofika wachitatu ndinamva kuti anasamutsidwa kuntchito, ndipo mbuziyo inali itadyedwa kale pa chinkhoswe cha mphwake. M'buku langa munali ndalama, m'bokosi munalibe, ndipo amene anafunsidwa mafunso pa msonkhano wa akuluakulu ndi ine. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo. Kuyambira pamenepo lamulo langa ndi limodzi: katundu satuluka pakhomo ndalama isanalowe. Woitanira alengeze lamuloli poyamba penipeni, kuti pasakhale wonena kuti mwamuchititsa manyazi. Kumeneko anthu sayenda ndi ndalama m'thumba, choncho bwerekani kamakina kolipirira pakhadi, ndipo kalumikizidwe ku akaunti ya food bank kapena ya tchalitchi. Ku akaunti yanu kusalowe ngakhale peni imodzi, ngakhale kwa usiku umodzi. Si kuti ndikukukayikirani. Ndikudziwa mmene nkhani zimayendera pa magulu a WhatsApp. Zapamanja awerenge anthu awiri osakhala pachibale, asainire onse, chiwerengero chilengezedwe anthu asanabalalike.

Za malamulo mwachidule. Okushoni payokha sifuna chiphaso. Koma mukaonjezera rafo, matikiti agulitsidwe pamalo pomwepo tsiku lomwelo. Mukafuna kugulitsa tsikulo lisanafike kwa anthu wamba, mufunika kulembetsa ku khonsolo. Mowa ukagulitsidwa nawonso umafuna chilolezo cha khonsolo, ngakhale ndikukhulupirira kuti mu holo ya tchalitchi nkhaniyi siibuka.

Bambo akunyumbawo musawatsutse kwambiri, ali ndi mfundo. Khalani nawo pansi muwerengere: holo, chakudya, mapepala. Ngati holo ili yolipira ndipo chakudya mukugula nokha, mukhoza kuvutika milungu 7 n'kupeza phindu losakwana kudzaza shelefu imodzi. Holo ikhale yaulere, chakudya chikhale chosonkha. Envelopu yawoyo muiike pakhomo, iwo omwe aiyang'anire. Ili ndi ubwino umene okushoni ilibe: munthu wokhoma msonkho ku Britain akapereka mphatso n'kusaina fomu ya Gift Aid, bungwe lachifundo limalandira 25p kuchokera ku boma pa £1 iliyonse. Ndalama yogulira katundu pa okushoni nthawi zambiri siiwerengedwa ngati mphatso yotero. Choncho £200 ya mu envelopu ikhoza kusanduka £250. Funsani woyang'anira food bank yanu akupatseni mafomuwo.

Mumufunsenso chimene akufuna, musamuganizire. Ife tikamva njala timathamangira kukagula zitini za nyemba ndi pasta, zomwe nthawi zambiri zimakhala zitadzaza kale. Zosowa zimakhala mkaka wokhalitsa, nyama ndi nsomba zam'chitini, sopo, matewera, mapadi. Mukamupatsa ndalama adzagula chimene chasowa sabata imeneyo.

Chomaliza kwa inu: musabweretse wolandira chakudya kudzapereka umboni kutsogolo, ndipo zithunzi za pamzere zisaoneke pakhoma. M'gulu la odzagulalo mudzakhala wina amene anatengako phukusi mwezi watha inu osadziwa, mwina Mmalawi mnzanu amene kumudzi akumuyesa bwana. Msiyeni agule botolo la Nali ngati wina aliyense.

Azakhali,

Ife kuno ku Area 25 ku Lilongwe tayambitsa kankhokwe pampingo kothandiza okalamba ndi ana amasiye a m'dera lathu. Pa masika timalandira chimanga, nyemba, nkhuku, nthawi zina mbuzi. Komiti yagawanika: ena akuti tigulitse zonse pa okushoni tisunge ndalama kubanki, ena akuti tisunge katundu. Tithandizeni.

Mlembi wa komiti

Bambo mlembi,

Gulitsani zamiyendo, sungani zam'matumba. Nkhuku ndi mbuzi zimafuna chakudya, zimadwala, zimabedwa, ndipo ndi zimene anthu amapikisirana pa okushoni. Maungu, mbatata ndi nthochi nazo zipite tsiku lomwelo chifukwa sizidikira. Koma chimanga musachigulitse. Masika amagwa nthawi imene chimanga chili mbwee pamsika ndipo mtengo uli pansi. Anthu anu adzachifuna mu January ndi February, pamene mtengo wakwera ndipo kwacha yomwe munasunga kubanki yachepa mphamvu. Mu November 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Amene anasunga ndalama analira, amene anasunga matumba sanamve kanthu.

Ndalama za mbuzi ndi nkhukuzo mugulire chimanga china sabata yomweyo, pamodzi ndi matumba a PICS, aja okhala ndi mapulasitiki awiri m'kati amene amabanikitsa anankafumbwe popanda mankhwala. Chimangacho chiume bwino chisanalowe m'thumba, matumba akhale pamathandala osagunda khoma. Chitseko chikhale ndi maloko awiri, makiyi kwa anthu awiri, ndipo mmodzi akhale mayi. Mndandanda wa odzalandira mulembe mu July, anthu ali okhuta, chifukwa mukadikira January aliyense wa mu komiti adzakhala ndi azakhali ake ovutika.