Kamtengo kanu kafooka chifukwa cha chingwe

Mayi wina amene amawerenga nkhani zathu wandilembera pa imelo. Akuti anadzala timitengo tiwiri, kena anakamangirira zolimba pachikhomo chachitali kuti kasagwe ndi mphepo, kenako anangokasiya. Patatha zaka ziwiri amasula chingwe, ndipo komangidwa kaja, ngakhale n'kakatali, kangoweramira pansi. Kosamangidwako n'kakafupi koma kali njo. Akufunsa ngati vuto ndi feteleza kapena mtundu wa mbewu.

Amayi, fetelezayo musamunamizire. Mtengo sumera ukudziwa kale kuti thunthu lake liyenera kunenepa bwanji, umachita kuuzidwa ndi mphepo. Ukagwedezeka, mbali imodzi ya thunthu imakokeka, inayo n'kupanikizika, ndipo maselo, tizigawo ting'onoting'ono tamoyo topanga thupi la mtengo, amamva zimenezi. M'timasekondi tochepa mchere wotchedwa kashiamu umakhamukira m'kati mwa maselowo, majini ena (malangizo achibadwa a m'maselo) amayamba kugwira ntchito, mahomoni (timadzi tolamulira kakulidwe) otalikitsa tsinde amachepa, mtengo n'kuyamba kuika nkhuni zambiri m'munsi momwe mukupindika, mizunso n'kumagwira kwambiri nthaka. Kamtengo kanu munakatsekera uthenga umenewu. Kanaona ngati kuno kulibe mphepo, choncho mphamvu zonse kanathera pothamangira dzuwa. Zili ngati mkono umene wakhalitsa m'chikhakha, tsiku lochotsa umapezeka wowonda ndi wofooka.

Nkhaniyi si ya lero. Mu 1803 Thomas Andrew Knight wa ku England anamanga timitengo ta maapozi mwakuti kumunsi kusamagwedezeke koma kumtunda kokha, ndipo nkhuni zatsopano zinachuluka kumene kunkagwedezekako. Kamtengo kena anakalola kuyendera mbali ziwiri zokha, kumpoto ndi kummwera, ndipo thunthu lake linanenepera mbali zomwezo m'malo mokhala lozungulira bwino. Apa m'pamene pamandigometsa, chifukwa zikuonetsa kuti mtengo umadziwanso kumene mphepoyo ikuukankhira. Ku Australia, M. R. Jacobs anasindikiza mu 1954 zimene anapeza atamanga mitengo ya paini ndi mawaya: inanenepa pang'ono kumunsi poyerekeza ndi yosamangidwa, ndipo inasanduka yosatha kulimbana ndi mphepo payokha.

Si mitengo yokha ayi. Mu 1973 Mordecai Jaffe anaonetsa kuti kungosisita tsinde la mbewu zanthete ndi zala kwa kanthawi kochepa tsiku lililonse kumazichititsa kukula zazifupi, ndipo ndiye anapatsa kusintha kakulidwe chifukwa chokhudzidwa kumeneku dzina loti thigmomorphogenesis. Koma yosangalatsa ndi ya Janet Braam ndi Ronald Davis a ku yunivesite ya Stanford mu 1990. Iwo ankapopera mahomoni pa kachomera kotchedwa Arabidopsis n'kuona majini ena akudzuka. Atapopera madzi okhaokha, majini aja anadzukabe. Kenako anazindikira kuti choyambitsa ndi kukhudzidwa kwenikweniko, kaya ndi mvula, mphepo kapena chala. Pasanathe mphindi 30 majini ena ankagwira ntchito kuwirikiza mpaka ka 100, ndipo angapo mwa iwo ndi okhudzana ndi puloteni yogwira kashiamu uja. Alimi a ku Japan anazidziwa kalekale popanda labotale: m'nyengo yozizira amapondaponda dala tirigu ndi balere akadali wamng'ono kuti aphuke nthambi zambiri, azike mizu ndiponso asadzagwe akakula.

Wina angakumbuke Mimosa pudica, kachomera kopinda masamba ukangokakhudza. Imeneyo ndi nkhani ina, chifukwa kumeneko ndi madzi ongotuluka m'maselo a patsinde pa tsamba, ndipo pakapita mphindi zingapo masamba amatambasukanso. Zimene tikukamba pano zimatenga masabata kapena zaka, ndipo zikachitika sizibwerera.

Tsono kamtengo kanu kaja musakadule, kangathe kuwongokera. Kagwireni ndi dzanja kuyambira m'munsi, muzikweza dzanjalo pang'onopang'ono mpaka pamene mutu wake waima wokha. Mangani pamenepo kapena pamwamba pake pang'ono, osapitirira. Gwiritsani ntchito lamba wofewa ndi wotambalala, monga chidutswa cha chubu kapena nsalu, osati waya kapena chingwe chowonda chimene chimadya khungwa. Mumange mosakoka, kuti mphepo ikawomba thunthu lizisuntha ndithu. Pakapita miyezi ingapo tsitsani pomangapo, kenako tsitsaninso, mpaka chikhomo chikhale chopanda ntchito. Tinthambi tam'munsi musafulumire kutisadza, chifukwa masamba ake amadyetsa thunthu pamalo omwe mukufuna kuti panenepe. Feteleza wokulitsa masamba muyambe mwachepetsa, apo ayi mutu ulemera thunthu lisanalimbe. Mukadzadzala wina, dziwani kuti mitengo yambiri sifuna n'komwe chikhomo. Ngati malowo ndi amphepo kwambiri, chikhomo chikhale chachifupi, chosapitirira gawo limodzi mwa magawo atatu a kutalika kwa mtengo, ndipo chichoke chaka chikamatha.

Nzeru yomweyi imathandiza pa mbande zokulira m'nyumba kapena m'shedi mopanda mphepo, makamaka za tomato. Kupititsa dzanja kapena kandodo kosalala pamwamba pake kangapo m'mawa uliwonse kumazipangitsa kukhala zazifupi ndi zonenepa tsinde, ndipo sizigwa msanga mukaziwokera. Chitani izi masamba ali ouma ndiponso m'manja muli moyera, makamaka ngati mwagwira fodya, chifukwa pali kachilombo ka fodya kamene kamagwiranso tomato. Musachite mopitirira, poti masamba anthete amanyuka, ndipo chomera chokhudzidwa kawirikawiri chimakhala chaching'ono, zina zimachedwanso kuchita maluwa. Ndipo ngati mbande zatalika n'kuyezuka chifukwa chosowa dzuwa, kusisita sikungathetse vutolo, zisunthireni kaye powala.