Kufunsira Uofisala wa Asilikali

FUNSO: Ndili ndi digiri ndipo ndikufuna uofisala wa asilikali. Wina akuti ndimupatse ndalama kuti dzina langa lilowe. Nditani? (Wowerenga wa ku Mzuzu)

YANKHO: Musapereke ndi tambala yomwe. Malawi Defence Force ikafuna anthu imalengeza poyera, ndipo mwayiwo sagulitsa. Chomwe simunamvetse pachilengezocho mukafunse ku Moyale Barracks, kampu ya asilikali ya ku Mzuzu komweko.

Chomwe chimagwetsa ambiri ndi mapepala. Dzina kapena tsiku lobadwa pachiphaso cha unzika likasiyana ndi la pasatifiketi, akhoza kukubwezani, choncho konzeranitu ku NRB, ofesi ya boma yopereka ziphaso za unzika. Mutenge masatifiketi enieni, osati mafotokope okha.

Matenda akale musabise. Madokotala awo amayeza thupi lonse, ndipo bodza lingakuchotsetseni mutafika kale ku MAFCO, sukulu ya asilikali ya ku Salima. Kuthamanga yambani lero.