Matebulo a Chilatini mwawaloweza, koma kuwerenga kukukanika: musiye kosiyi?

Imelo ina imene ndalandira sabata yatha yandikhudza pachilonda. Wolemba wake ndi mtsikana wa chaka choyamba kuyunivesite, amene akuchita kosi ya Chilatini cha oyamba kumene. Akuti ma declension onse asanu, matebulo a mmene mathero a maina amasinthira, amawalakatula osaphonya, koma akangomuikira kandime kuti awerenge, mutu umaima. Akutinso makolo ake akumufunsa kuti Chilatini adzadya nacho chiyani. Akufunsa ngati kuli bwino angosiya.

Achemwali, ndikuyankhani, koma mundilole ndiyambe ndadandaula kaye.

Ine Chilatini ndinakumana nacho kuseminale yaing'ono ndili Folomu 1. Bambo amene ankatiphunzitsa ankalowa m'kalasi atanyamula rula yamtengo. Tonse tinkaimirira, iwo n'kumagogoda tebulo, ife n'kumatsatira kugogodako: mensa, mensa, mensam, mensae, mensae, mensa. Wophonya ankadziwa yekha kuti masana chikwanje chikumudikira kubwalo la mpira. Ndiye tinkaloweza zenizeni. Wina akanakudzutsa pakati pa usiku, amo, amas, amat ikanatuluka yokha maso usanatsegule. Tinkanyada nazo, ndipo patchuthi tinkaopseza nazo anzathu akumudzi.

Koma tsiku lina anatilembera pabolodi mizere ya pemphero limene tinkaliimba kawirikawiri m'tchalitchi, n'kufunsa kuti pamenepa akuchita ndani, akumuchitira ndani. Kalasi yonse zii. Agogo anga, amene sukulu sanaipondeko, ankayankha Misa ya Chilatini bwinobwino, msonkhano wa Vatican II wa 1962 mpaka 1965 usanatsegule khomo la zinenero zathu. Iwo ankadziwa poyankhira, ife tinkadziwa polakatulira, koma womva zimene akunenazo panalibe.

Kuwerenga kwenikweni ndinakuyambira kuyunivesite, kwa mphunzitsi wina amene sankasamala za matebulo athu aja. Ankangotipatsa tinkhani tosavuta, tambirimbiri, mpaka kutopa. Poyamba ndinkaona ngati akutiyesa ana.

Kwathu kuno Chilatini chili ndi fungo la ulemerero, ndipo fungo limeneli ndi limene limatiwononga. Kamuzu Banda atatsegula Kamuzu Academy ku Mtunthama mu 1981, Chilatini ndi Chigiriki zinali zokakamiza, ndipo m'zaka zomwezo ku Chancellor College ku Zomba kunabadwa dipatimenti ya Classics. Ambiri tinakula tikumva kuti munthu wophunzira kwenikweni ndi wodziwa Chilatini. Mapeto ake tinayamba kuchiphunzira kuti tizichivala, osati kuti tiwerenge. Mvetserani ena akamaponya mawu a Chilatini a zamalamulo monga prima facie ndi sub judice pawailesi. Afunseni kuti facie ili mu case iti (maonekedwe a dzina osonyeza ntchito yake m'chiganizo), muone mmene angakhosomolere.

Ndinene mosabisa: kuphunzitsa mwana matebulo chaka chathunthu osamuwerengetsa ndi kumubera nthawi. Sindikunyengerera pamenepa. Tebulo limakuuzani kuti mathero akuti -ae akhoza kukhala genitive (yosonyeza mwini), dative (yosonyeza wopatsidwa), kapena nominative ya zambiri (yosonyeza ochita). Silikuuzani kuti pano ndi iti. Mu puellae cantant atsikana ndi amene akuimba. Mu nauta puellae rosam dat mtsikana ndi amene akupatsidwa duwa. Chimene chasiyanitsa ndi mawu oyandikana nawo, ndipo diso limazolowera zimenezi likaona ziganizo mazanamazana. Palibe njira yachidule.

China chimene chimandipweteka n'chakuti Chilatini timachiphunzira kudzera m'Chingerezi. Mabuku akale a galamala, monga la Kennedy la 1888, analembera anyamata a ku England, amene chinenero chawo chimadalira kwambiri kuti liwu liti layamba, liti latsatira. Kwa iwo n'zododometsa kuti canis puerum mordet ndi puerum canis mordet zikunena chinthu chimodzi, kuti galu akuluma mnyamata. Nanga ife zitidabwitse bwanji? Mukati "mbuzi zinamuthamangitsa mwana" kapena "mwana zinamuthamangitsa mbuzi", palibe Mchewa angasokonezeke, chifukwa zi- ndi -mu- zanena kale wothamangitsa ndi wothamangitsidwa. Timati mwana wamkulu wagwa, chipatso chachikulu chagwa, mitengo ikuluikulu yagwa, osaganizira n'komwe. Mgwirizano wa mawu tinayamwira. Pa mgwirizano umenewu Aroma anali ndi magulu atatu okha a maina (achimuna, achikazi ndi opanda mbali), ife tili nawo opitirira khumi. Kusiyana kwake n'kwakuti ife chizindikiro timachiika kumayambiriro kwa liwu, iwo kumapeto. Palibe mphunzitsi ngakhale mmodzi amene anandiuzako zimenezi kuseminale, komwenso kulankhula Chichewa m'kalasi unali mlandu.

Nanga muchite chiyani?

Ndisanafike pamenepo, za Julius Caesar, mkulu wa asilikali wa Aroma. Makosi ambiri akangomaliza galamala amakuponyerani nkhani zake za nkhondo ya ku Gaul (dera la France wa lero), ya zaka za 58 mpaka 50 Yesu asanabadwe, ati chifukwa Chilatini chake n'choyera. N'choyeradi, koma ziganizo zake zina n'zazitali, zodzaza ndi kalembedwe kovuta kotchedwa ablative absolute ndi mawu ochita kusimba zonena za ena, ndipo nkhani yake ndi ya mkulu wa asilikali amene akudzilembera yekha mbiri yabwino pamene akugonjetsa eni dziko. Ife amene mbiri yathu inalembedwapo ndi atsamunda tili ndi zifukwa zomuwerengera ndi diso lakuthwa, koma osati m'chaka choyamba. Kumuyamba msanga ndi kumene kumathawitsa anthu, n'kumapita akudziyesa mbuli.

Za makolo amene mwati akufunsa kuti Chilatini mudzadya nacho chiyani, imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina. Inenso malume anga anandifunsa funso lomwelo mpaka kumwalira kwawo.

Kosiyo musasiye. Matebulo muli nawo kale, ndiye theka la nthawi yolakatula ija muipereke kukuwerenga zinthu zosavuta, tsiku lililonse, mokweza mawu. Pezani Familia Romana la Hans Ørberg, la mitu 35, lolembedwa m'Chilatini chokhachokha kuyambira tsamba loyamba. Likasowa, tsegulani Uthenga wa Marko mu Vulgate, Baibulo la Chilatini la Jerome, Baibulo lanu lachichewa lili pambali. Pa intaneti ilipo yaulere. Dzina muziliphunzira pamodzi ndi genitive yake ndi gulu lake, monga rex, regis kapena corpus, corporis, ndipo mneni ndi zigawo zake zonse zinayi, chifukwa tuli (ndinanyamula) simudzamupeza mudikishonale ngati simukudziwa kuti kwawo ndi kwa fero (ndimanyamula). Chiganizo muzichiwerenga mmene chabwerera, liwu ndi liwu, osalumpha kukasaka mneni kumapeto. Semesita ikamatha mundilemberenso, mundiuze ngati kuwerenga kukukuvutanibe.